Kodi Kusamva N'kwakumtundu? Nanga Bwanji Wosamva Amadana ndi Phokoso?

 Ndiyesetsa kuyankhula modekha kuti womasulira wa chinenero chamanja asatsalire. Ndikayamba kuthamanga, mmodzi akweze dzanja.

Vuto la kusamva likalowa pakhomo, pamabuka milandu iwiri. Woyamba umagwera mayi. Mwana wafika zaka ziwiri osatchula "amama", chitseko chikamenyetseka sadzidzimuka, ndipo akuchimuna amabwera ndi mawu okonzeratu: "Kwathu kulibe zimenezi." Wachiwiri umagwera mwini khutu. Agogo mukawayankhula bwinobwino amati "Ati chani?", mukakweza mawu amati "Ukundikalipiranji, ndine mwana?" Ndiye pakhomo pamamveka zoti amamva awa, amangochita dala, amasankha zoti amve. Milandu iwiri yonseyi ndi yonamizira, ndipo umboni wake uli m'kachiwalo kosakwana sentimita imodzi kamene kabisala mkati mwa fupa la mutu.

Mawu akalowa m'khutu amagwedeza kachikopa kopyapyala kamene timati ng'oma ya khutu. Ng'omayo imagwedeza tifupa titatu, ndipo kafupa komaliza kamakankha madzi amene ali m'kachiwalo kopota ngati chigoba cha nkhono, kotchedwa cochlea. Ine ndizingoti kankhono. M'kankhonomo muli maselo okhala ndi tiubweya pamwamba, ndipo ali m'magulu awiri. A mzere wamkati alipo pafupifupi 3,500, ndipo ndiwo amatumiza uthenga ku ubongo. A mizere itatu yakunja alipo pafupifupi 12,000, ndipo ntchito yawo tiifika. Maselowa akafa mwa munthu sameranso. Nkhuku imameretsa ena akawonongeka, ife mwayi umenewo tinamanidwa.

Tsopano funso loyamba: kodi kusamva n'kwakumtundu? Nthawi zambiri inde, koma osati mmene ankhoswe amaganizira. M'mayiko amene mwana aliyense amapimidwa makutu akangobadwa, mwana mmodzi kapena awiri mwa ana 1,000 alionse amapezeka ndi vuto losatha la kumva, ndipo theka la anawo kapena kuposa, chifukwa chake ndi chibadwa. Komanso ana osamva oposa 90 mwa 100 alionse amabadwa kwa bambo ndi mayi amene amamva bwinobwino. Mfundo ziwirizi zimaoneka ngati zikulimbana, koma sizikutero.

Malangizo amene amaumba thupi lathu, otchedwa ma gene, amabwera awiriawiri, limodzi kuchokera kwa bambo, linzake kuchokera kwa mayi. Pa mitundu yambiri ya kusamva kwa chibadwa, langizo limodzi labwino limakwanira kuti khutu ligwire ntchito. Munthu atha kunyamula limodzi lolakwika moyo wake wonse, agogo ake ananyamula, azigogo awo ananyamula, wosamva osabadwako. Zimaonekera tsiku limene wonyamula wakwatirana ndi wonyamula mnzake, ndipo mwana walandira lolakwika mbali zonse ziwiri. Mwa kusamva kwa chibadwa kumene kulibe chizindikiro china pathupi, pafupifupi magawo atatu mwa anayi amayenda njira imeneyi. Ndi njira yomweyo imene amadzera matenda a sickle cell ndiponso khungu lachialubino, ndipo mukudziwa kuti mayi wobereka mwana wachialubino amamva mawu omwewo kuchokera kwa apongozi. Choncho bambo amene akuti kwawo kulibe akunena zoona pa zimene maso aona, koma ngati mwanayo ali ndi kusamva kwa mtundu uwu, theka la nkhaniyo lachokera m'thupi mwa bamboyo. Ife a chikamwini timati ana ndi akuchikazi. Pa nkhani ya mbumba ndi minda zili choncho. Pa nkhani ya ma gene, mwana ndi wa mbali zonse mofanana.

Banja lotere limafunsa za mwana wotsatira. Pa mimba iliyonse mwayi woti mwana abadwe wosamva ndi umodzi mwa inayi. Ndibwereze: pa mimba iliyonse. Ena amamva ngati kuti mmodzi akabadwa wosamva, atatu otsatira apulumuka. Ayi, mimba siikumbukira inzake. Banja lina likhoza kukhala ndi ana osamva awiri otsatizana, lina ana asanu ndi mmodzi onse akumva, makolo ake ali onyamula chimodzimodzi.

Apa ndi pamene ukwati wa pachisuweni umalowa. Makolo athu ankaukonda, kukwatira mwana wa malume kapena wa azakhali, ndipo anali ndi zifukwa zawo. Asuweni enieni amafanana pa gawo limodzi mwa magawo 8 a ma gene awo, choncho langizo lolakwika limene linali mwa agogo awo likhoza kukumananso mwa mwana wawo mosavuta kuposa mwa anthu osadziwana. Ana ambiri a asuweni amabadwa akumva, ndipo sindinabwere kudzathetsa mabanja. Koma ngati kumtundu kuli kale obadwa osamva, nkhani imeneyi ndi yoyenera kuikamba chinkhoswe chisanachitike.

Pali njira zina. Mwa mabanja ena langizo limodzi lolakwika limakwanira, ndipo kusamva kumaoneka m'badwo uliwonse, kawirikawiri kuyamba munthu atakula kale. Mwana wa kholo lotero mwayi wake ndi theka. Pafupifupi magawo atatu mwa khumi a kusamva kwa chibadwa amabwera ndi zizindikiro zina. Mukaona mwana wakuda ali ndi maso abuluu, kapena diso limodzi losiyana ndi linzake, kapena kachigamba ka tsitsi loyera pamphumi, n'kutheka kuti ali ndi Waardenburg syndrome, imene dokotala wa maso wa ku Netherlands, Petrus Waardenburg, anaifotokoza mu 1951. Mwana ameneyo apimidwe makutu, osati kupita naye kwa sing'anga. Pendred syndrome imabwera ndi chotupa cha pakhosi, Alport imagwira impso, ndipo Usher syndrome imayamba ndi kusamva kenako maso amayamba kuvutika usiku. Aphunzitsi a m'sukulu za ana osamva, mwana amene wayamba kupunthwa kukada musamutenge ngati wosasamala. Kwa munthu amene chiyankhulo chake chili m'maso, kudziwa msanga za Usher n'kofunika kwambiri.

Pali mtundu umodzi umene umadzeradi mwa mayi yekha, ndipo ndiutchula kuti ndisaoneke ngati ndikubisa. Ndi wosowa. Munthu amabadwa akumva, koma makutu ake sapirira mankhwala a gulu la gentamicin, streptomycin ndi kanamycin. Jakisoni amene mwa ena sachita kanthu, mwa iye akhoza kupha maselo a m'kankhono. Gentamicin wapulumutsa makanda ambiri m'zipatala zathu ndipo sitikuuza munthu kuti amukane. Koma ngati kuchikazi kwanu alipo anasiya kumva atabayidwa jakisoni, muuzeni dokotala asanalembe mankhwala.

Ma gene okhudza kusamva amene akudziwika ndi oposa 100. Lotchuka kwambiri ndi GJB2, limene mu 1997 linapezeka kuti limayambitsa kusamva, ndipo ku Ulaya ndi mbali zambiri za Asia ndilo likutsogola. Kuno kwathu nkhani ndi ina. Professor Ambroise Wonkam, katswiri wa ku Cameroon amene anagwira ntchito zaka zambiri pa University of Cape Town, pamodzi ndi anzake anapeza kuti mwa ana osamva a ku Cameroon ndi ana akuda a ku South Africa, GJB2 lolakwika silipezekapezeka. Tanthauzo lake n'lakuti banja la kuno limene lalipira ndalama zambiri kupimitsa magazi kunja, n'kuuzidwa kuti GJB2 lili bwino, silinauzidwe kuti kusamvako si kwachibadwa. Langouzidwa kuti si kwa mtundu umene wafala mwa azungu.

Dziko la mu Africa limene GJB2 ndi nkhani yaikulu ndi Ghana. Kumeneko kuli mudzi wa Adamorobe, pafupi ndi Aburi, umene kwa mibadwo yambiri wakhala ndi osamva ochuluka moti unapanga chinenero chake chamanja, chimene ngakhale akumva ambiri amachidziwa. Zoterezi zinachitikanso pachilumba cha Martha's Vineyard ku America, kumene m'zaka za m'ma 1800 m'tauni ya Chilmark munthu mmodzi mwa 25 alionse anali wosamva, ndipo malonda, nkhani za tchalitchi ndi miseche zinkayenda m'manja. Ku Adamorobe, mu 1975 mfumu inaletsa osamva kukwatirana okhaokha. Maganizo omwewo anali nawo Alexander Graham Bell, uja wa telefoni, amene mayi ake ndi mkazi wake anali osamva. Mu 1883 iye anachenjeza kuti osamva akamakwatirana adzapanga mtundu wawo wa anthu, ndipo ankafuna kuti ana osamva asamasonkhanitsidwe m'sukulu zogonera ndiponso asamaphunzitsidwe ndi manja. Analakwitsa masamu. Ana pafupifupi 9 mwa 10 obadwa kwa makolo osamva amamva, chifukwa bambo mwina anasiya kumva ndi matenda, mayi ndi gene, kapena onse ndi ma gene koma osiyana. Ana onse amabadwa osamva pokhapokha makolo onse awiri ali ndi vuto pa gene limodzimodzi, monga zimachitikira m'mudzi ngati Adamorobe. Mnyamata ndi mtsikana amene anakumana kusukulu ya ana osamva ku Mua, ku Mary View, ku Mountain View kapena ku Embangweni ndipo akufuna kumanga banja, palibe chifukwa cha sayansi chowaletsera. Ndipo mwana wosamva wobadwa kwa makolo osamva ndiye amene amapeza chinenero kuyambira tsiku loyamba, mwayi umene anzake ambiri amaupeza atafika kale msinkhu wa sukulu.

Ziwerengero ndinayamba nazo zija n'za mayiko olemera. Kuno gawo la matenda ndi lalikulu. Bungwe la WHO limati pafupifupi 60 mwa 100 ya kusamva kwa ana kumachokera ku zinthu zopeweka. Rubella ikagwira mayi m'miyezi yoyamba ya mimba, chindoko chosachizidwa, kachilombo ka CMV, mwana kubanika pobadwa, kubadwa masiku osakwana, chikasu chachikulu m'sabata yoyamba, matenda oumitsa khosi, chikuku, matsagwidi, malungo aakulu, ndi khutu lotuluka mafinya miyezi ndi miyezi limene timangolipukuta ndi nsalu n'kumati lidzasiya lokha. Katemera wa chikuku ndi rubella, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2017, ndi katemera wa makutunso, ngakhale sitimutchula choncho kusikelo. Mwana wobadwa wosamva chifukwa cha rubella sanatengere kwa aliyense ndipo sadzapatsira ana ake.

Tipite kwa agogo aja.

Mu 1801 katswiri wopeka nyimbo Ludwig van Beethoven, ali ndi zaka 30, analembera mnzake dokotala Franz Wegeler kudandaula kuti munthu akamayankhula motsitsa amamva kulira kwa mawu koma osagwira zimene akunena, pomwe munthu akafuula sangathe kupirira. Palibe anganene kuti Beethoven ankachita dala. Zimene ankafotokozazo madokotala amazitcha recruitment, ndipo dokotala wa makutu wa ku New York, Edmund Fowler, ndiye anazifotokoza bwino m'ma 1930.

Chinsinsi chili mwa maselo 12,000 akunja aja. Ntchito yawo ndi kukuza mawu aang'ono. Mawu otsika akalowa, maselowa amafupika ndi kutalika mothamanga kwambiri, n'kuwonjezera kugwedezeka kwa m'kankhono kuti maselo amkati amve. Pa mawu otsikitsitsa amawonjezera ma decibel (muyezo wa kukula kwa mawu) 40 mpaka 50. Mawu akamakwera amachepetsa thandizo lawo, ndipo pa phokoso lalikulu sathandizanso konse, chifukwa palibe chofunika kukuza. Tsono maselo amenewa ndiwo amayamba kufa ndi ukalamba, phokoso ndi mankhwala ena. Akafa, mawu aang'ono amasowa, koma phokoso lalikulu, limene silinkadalira thandizo lawo, limafika lonse monga kale.

Tiike manambala. Khutu labwino limayamba kumva pa 0, kucheza wamba kuli pafupi ndi 60, ndipo phokoso limayamba kusautsa cha m'ma 100. Pali mtunda wa ma decibel 100 woti mawu akweremo pang'onopang'ono. Agogo amene amayamba kumva pa 60 phokoso limawasautsabe cha m'ma 100 momwemo. Atsala ndi mtunda wa 40. Zili ngati nyumba imene mwathiramo dothi mpaka pansi pakwera kufika m'chiuno, denga lili pomwe linali: munthu akangodzuka pang'ono wagunda mutu. Inu mwakweza mawu pang'ono, kwa iwo achoka pa kusamveka n'kufika pa kukuwa. Mbale zachitsulo zikagundana, mwana akalira pafupi, kwaya ikafika pokweza ndi zokuzira mawu, amagwira makutu kapena kutuluka panja, anthu n'kumati taonani, si uja amati samva.

Pali chinanso. Maselo omwewo amathandiza khutu kusiyanitsa mawu oyandikana, ndipo amene amayamba kufa ndi a mawu opyapyala, monga s, f, ts ndi ch. Mawu a, e, i, o, u ndi amphamvu ndipo amatsala. Mukafuula mumakuza amene akumveka kale, opyapyala aja n'kukwiririka. Ndiye chifukwa chake agogo amati, "Ndikumva kuti ukuyankhula koma sindikumva zimene ukunena." Kufuula kumawapweteka ndipo sikuwonjezera tanthauzo. Chothandiza n'kuwayandikira, kuwakhudza kapena kuwaitana kaye kuti akuyang'aneni, kuima poti kuwala kugwe pankhope panu, kutseka wailesi, kuyankhula momveka koma osathamanga, ndipo akapanda kumva, kusintha mawu m'malo mobwereza omwewo mokweza.

Recruitment ndi chizindikiro chakuti vuto lili m'kankhono. Munthu amene khutu latsekeka ndi phula, kapena ng'oma yabooka, kapena muli madzi kuseri kwa ng'oma, mawu onse amamuchepera mofanana, ndipo mukakweza amakuthokozani. Mavuto amenewo ambiri amachizika. Choncho wazaumoyo akafunsa wodwala kuti "Anthu akakweza mawu mumamva bwino kapena zimakupwetekani?" wayamba kale kupima, asanagwire chida chilichonse.

Nkhaniyi ikufotokozanso chifukwa chake timakina tothandizira kumva tambiri timathera m'chikwama. Wachibale ali ku Johannesburg kapena ku Leeds wagula kachipangizo pa intaneti, watumiza, agogo avala tsiku limodzi n'kunena kuti kakuwaboola mutu. Akunena zoona. Kachipangizo kongokuza mawu onse mofanana kamatenga phokoso limene linali kale padenga n'kulikankhira pamwamba. Kachipangizo koyenera kamachita ntchito ya maselo anafa aja: kamakuza kwambiri mawu aang'ono, pang'ono mawu apakati, ndipo phokoso lalikulu kamalisiya kapena kulitsekereza. Kuti katero, katswiri ayenera kupima khutu lililonse palokha n'kukatchera molingana ndi munthuyo, komanso wovalayo abwerereko kukakonzetsa pakapita masabata. Kubwereka ka mnzanu n'kosathandiza, ndipo kwa mwana n'koopsa.

Pali vuto lina lofanana nalo koma losiyana, lotchedwa hyperacusis. Apa phokoso wamba limene ena salilabadira, madzi otuluka pampopi, mapepala, injini ya galimoto, limakhala losapiririka, mwinanso lopweteka, ndipo munthuyo akapimidwa makutu akhoza kupezeka kuti amamva bwinobwino. Akatswiri ambiri amaona kuti gwero lake ndi ubongo umene wakweza wokha mphamvu yolandirira mawu. Limabwera pambuyo pa phokoso lalikulu ladzidzidzi, kuvulala mutu, mutu waching'alang'ala, kapena kufa kwa mbali imodzi ya nkhope, pamene kamnofu kamene kamagwira kafupa komaliza ka m'khutu kaleka kugwira ntchito. Ana ambiri a autism alinso nalo. Kawirikawiri limayenda ndi kulira kwa m'makutu, kuja amakudziwa aliyense amene anamwapo kwinini. Munthu wotere amafuna kutseka makutu ndi thonje tsiku lonse n'kudzitsekera m'nyumba, koma zimenezo zimakulitsa vuto, popeza ubongo ukamanidwa mawu umakwezanso mphamvu ija. Thandizo lake ndi kuzolowetsa khutu pang'onopang'ono ndi mawu ofatsa, motsogozedwa ndi katswiri, n'kusunga zotsekera makutu kuti zigwire ntchito pamalo aphokoso lenileni.

Malo otero tili nawo ambiri: chigayo, kowotcherera zitsulo, makina ocheka matabwa, zokuzira mawu za paukwati ndi m'matchalitchi ena, mahedifoni a achinyamata. Malire odziwika pantchito ndi ma decibel 85 kwa maola 8, ndipo phokoso likakwera ndi 3 okha, nthawi yotetezeka imadulidwa pakati. Pa 100 yatsala mphindi 15. Mulibe chopimira, koma muli ndi mkono: ngati mukuchita kufuula kuti munthu amene ali pa mtunda wa mkono umodzi akumveni, phokosolo likudya maselo. Mnyamata wa pachigayo amene amaweruka makutu akulira ndiye agogo a mawa okalipa aja, ndipo adzafikako asanakwanitse zaka 50. Mayi wobereka khanda kumbuyo asaime nalo pafupi ndi injini podikira ufa. Ndipo khutu likasiya kumva mwadzidzidzi, m'maola ochepa kapena podzuka m'mawa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala ake amagwira bwino m'masiku oyambirira okha.

Maselo akunja aja ali ndi mphatso ina imene ikutibwezera kwa makanda. Pogwira ntchito yawo amatulutsa kaphokoso kakang'ono kobwerera kunja kwa khutu. David Kemp wa ku London ndiye anakatulukira mu 1978, ndipo lero kachida kokwana m'dzanja kamatha kukamva mwa khanda la masiku awiri lili mtulo, m'mphindi zochepa, popanda ululu. Mayiko amene amapima ana onse amatsata lamulo la 1, 3, 6: kupimidwa mwezi woyamba usanathe, kutsimikizira vuto pofika miyezi itatu, kuyamba thandizo pofika miyezi isanu ndi umodzi. Changu chimenechi n'chifukwa chakuti ubongo umatola chinenero mosavuta m'zaka zitatu zoyambirira, kaya ndi cha pakamwa kaya ndi chamanja, ndipo zaka zimenezo zikadutsa mwana alibe chilichonse mwa ziwirizi, kubweza kumavuta. Zaka zimene mabanja amathera kukangana za mbali imene yabweretsa tsoka ndi zomwezo.

Ife sitinafike popima khanda lililonse, choncho chida chathu choyamba ndi mayi ndi mlangizi wa kusikelo. Khanda la miyezi itatu lidzidzimuke ndi phokoso. La miyezi isanu ndi umodzi litembenukire kumene kwachokera mawu. Pofika miyezi isanu ndi inayi lizibwebweta "bababa", "mamama", ndipo khanda limene linayamba timawu kenako n'kukhala chete likutiuza kanthu. Poyesa kunyumba musaombe m'manja pamaso pake kapena kuponda pansi mwamphamvu, chifukwa mwana wosamva ndi katswiri woona ndi kumva kugwedezeka, ndipo wapusitsa makolo ambiri motero. Imani kumbuyo kwake, chithunzithunzi chanu chisamugwere. Mwana aliyense amene anagonekedwa kuchipinda cha makanda odwala, amene anadwala chikasu chachikulu kapena matenda oumitsa khosi, kapena amene kumtundu kwake kuli wobadwa wosamva, apimidwe ngakhale akuoneka kuti akumva. Ku Blantyre kuli chipatala cha makutu ku Queen Elizabeth Central Hospital, ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic, ndipo chipatala cha boma lanu chikhoza kukulemberani kalata yokutumizani. Pa chinenero chamanja, bungwe la anthu osamva la MANAD ndi sukulu ndatchula zija ndi poyambira, ndipo ophunzira asakhale mwana yekha: bambo, mayi, abale ake ndi agogo aphunzire naye limodzi.

Ndaona manja angapo anakwera ndili pakati. Tiyambe ndi mayi ali kumbuyoko, ndipo womasulira abwere kutsogolo kuno kuti funso lionekere kwa onse.